Chitini cha Anyani pa Phiri la Chiradzulu

1928

Chaka cha 1928 ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, malinga ndi buku la ubatizo la ku mishoni. Ansembe anachita kuyerekeza poona msinkhu, koma ine ndimatsata zolembedwa. Za ubwana wanga ku Namitambo sindilemba, mulibe chachilendo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndipo inandikwanira kuwerenga lamulo ndi kulemba lipoti. Ndikulembera inu ana anga, Rosina, Mateyu ndi Filipo, chifukwa nkhani ya chitini mwaimva kwa anthu ambiri, aliyense akuthira mchere wake. Amene anamenya chitinicho ndine, Damiyano, bambo wanu. Imvani kwa ine.

Chaka chimenecho ndinalembedwa ntchito ya ulonda wa nkhalango pa phiri la Chiradzulu. Anandipatsa kabudula wa khaki, juzi, lamba, chisoti ndi chikwanje. Nsapato ayi. Ntchito inali kulambula mzere wa malire kuzungulira phiri, kuzula misampha, kuzima moto, ndi kuona kuti amayi akutola nkhuni zouma zokhazokha pa tsiku lawo. Kapitawo wathu, nkhalamba ya Chiyao yosaseka, anandiyendetsa mzere wonse masiku atatu osandiuza kanthu. Tsiku lachitatu tinafika pa kasupe. Iye anamwa madzi, n'kupukuta pakamwa, n'kunena kuti, "Mnyamata, madzi awa ndi omwe akumwa anthu kumunsiku. Mitengo ikatha, awanso atha. Zinazo ndi malamulo a azungu, uphunzira wekha." Ndagwira ntchito zaka makumi atatu ndi mawu amenewo.

Lamulo la anyani linali lotere. Kunja kwa mzere nyani anali wakuba, ndipo aliyense ankaloledwa kumupha. Mkati mwa mzere munthu sankaloledwa kulowa ndi uta, mkondo, galu kapena moto. Anyani ankalidziwa lamulo limeneli kuposa anthu. Akaba chimanga ankathamanga, n'kudumpha mzere, n'kukhala pa mwala kumadya akukuyang'ana. Choncho anthu a m'munsi mwa phiri sankadalira kupha, ankadalira kuopseza. Chimanga chikayamba kubereka, munda uliwonse wa m'malire unkakhala ndi nsanja, ndipo pa nsanjapo pankakhala mayi ndi chitini cha palafini chopanda kanthu. Nyani akangosuzumira, mayi ankamenya chitini, wa munda winawo n'kulandira, mpaka mbali yonse ya phiri kulira. Anyani ankabwerera. Zinkayenda choncho chaka ndi chaka.

1934

Ndinakwatira amayi anu, Sesiliya, kwa Mwanyali, mudzi umene minda yake imagunda mzere. Ndinakhala mkamwini, ndipo munda umene ndinkalima unali wa apongozi anga aakazi. Ndinkawalemekeza monga mwambo unenera. Sitinkayang'anizana, sitinkadyera pamodzi, tikakumana panjira ine ndinkapatukira kutchire. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo. Mlamu wanga Alubano anali wina, pakamwa posatseka. Dzina langa sankalitchula, ankangoti Boma. "Boma ladzuka bwanji? Boma lidya nawo nandolo wa anthu wamba?" Kawiri konse ndinamupeza ndi misampha ya mbawala mkati mwa mzere. Koyamba ndinangomulanda. Kachiwiri ndinamutengera ku ofesi, ndipo anasesa bwalo sabata yathunthu. Pamudzi anati mkamwini uyu ndi wouma mtima. Sindinakane.

Nthawi ya nkhondo zinthu zinasowa. Kabudula mmodzi ndinavala zaka zitatu, zigamba kuposa nsalu. Palafini anasowa, ndipo zitini zinasanduka chuma: chimodzi chomwecho chotungira madzi, choyezera chimanga, chothamangitsira anyani. Apongozi anali ndi chawo chopindika pakona, ndipo sankabwereketsa ngakhale kwa mwana wawo. Alubano anapita kunkhondo n'kubwerako ndi jasi, galu wotchedwa Mabomba amene anagula panjira, ndi pakamwa pomwe paja.

1946

Nkhondo itatha tinalandira bwana watsopano. Tinkamutcha Bwana Kaliwo chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake, ngakhale fodya mulibe. Chinyanja anaphunzira m'buku, choncho aliyense kwa iye anali iwe, ngakhale nkhalamba ya imvi. Koma phiri ankalikonda, zimenezo sindingamunamizire. Anamangitsa nyumba ya alendo ya zipinda ziwiri pakatikati pa phiri, pafupi ndi thanthwe lalikulu lathyathyathya, ndipo anadulitsa mseu wochokera kumunsi. Azungu a ku Limbe ndi ku Blantyre anayamba kubwera Loweruka ndi Lamulungu ndi magalimoto awo, madengu a zakudya, ana ndi ayaya owalera. Amwenye enanso ankabwera. Mudzi unapindula, asakunamizeni munthu. Amayi ankakhala m'mbali mwa mseu ndi mazira, nthochi, mapeyala, mphasa ndi malichero, ndipo madzulo ankabwerera opanda katundu. Mseu womwewo ndi umene lole inadzeramo potengera amayi anu ku chipatala cha mishoni pobadwa iwe Filipo. Pakanapanda mseu umenewo, sindikudziwa ngati ukanawerenga izi.

Dandaulo la alendo linali limodzi: sakuona nyama. Tsiku lina bwana anandiitana pakhonde. "Damiyano, anthu akwera phiri kudzaona nyama, akuona mitengo. Mitengo ali nayo kwawo." Ndinati, "Bwana, nyama zilipo, koma zimaopa fungo la sopo." Sanaseke. Anachotsa kaliwo pakamwa, chinthu chimene ankachita pa nkhani zazikulu zokha. Anati ku Limbe kuli anthu amene akhala akupempha kuti adule mitengo ya phiri lino ikhale nkhuni ndi matabwa. Anati malinga akuluakulu akubwera kuno ndi akazi awo Lamulungu, palibe amene angalembe dzina lake pa pepala lololeza zimenezo. "Alendo ndi amene akulondera phiri ili, osati iwe ndi chikwanje chako. Ndipezere nyama yoti aziona." Mawuwo anandiwawa, koma anali ndi choona chake.

Mbawala siingaphunzitsidwe. Kambuku sitinkamufuna. Anatsala anyani. Ndinayamba kuika madeya ndi nthochi zakupsa kwambiri pa thanthwe lija katatu pa sabata. Panafunika choitanira, kuti azibwera pa nthawi imene alendo alipo. Ndinayesa mluzu, sunkafika kutali. Ndiye ndinatenga chimene chinali pafupi, chitini cha palafini cha kukhitchini ya nyumba ya alendo. Inali nyengo ya chilimwe, m'minda mulibe kanthu, zitini za amayi zili kumadzi. Sindinaganize. Ndikulemba mawu amenewa kuti muwaone ndi dzanja langa: ine, munthu wokwatira kwa Mwanyali, amene ndinkamva zitini zikulira chaka ndi chaka, sindinaganize.

Masabata oyamba anyani ankathawa akamva chitini, monga anazolowerera. Ndinkamenya, kusiya chakudya, n'kuchoka. Dzuwa la Okutobala litakula, zipatso zitasowa m'nkhalango, njala inawabweretsa. Anayamba ndi mphongo yaikulu ya khutu long'ambika, imene inkayenda mapewa ali tang'a ngati msilikali. Ndinaitcha Sajeni. Kumene Sajeni wapita, gulu lonse limatsata, anyani oposa makumi atatu. Pofika chaka chotsatira ndinkangomenya chitini katatu, iwo n'kutsetsereka m'miyala, n'kukhala pa thanthwe mondondozana, akazi ndi ana pamsana. Sajeni ankabwera yekha, n'kukhala pamapazi panga, n'kutambasula dzanja. Ndinkamupatsa nthochi, iye n'kusenda bwinobwino ngati munthu. Madona ankaomba m'manja. Ndinajambulidwa zithunzi zambiri, ngakhale sindinaonepo n'chimodzi chomwe. Alendo anachuluka, msika wa amayi unakula, ine ndinapatsidwa mzere pamkono n'kukhala kapitawo. Zaka ziwiri zimenezo anyani anali okhuta, ndipo kuminda sankatsikako kwenikweni. Alubano anati, "Boma, anyani ako abatizidwa, aleka kuba." Ndinanyada. Aliyense anali wokondwa.

1949

Mvula inadula. Za njala ija ndilemba pang'ono, chifukwa iwe Rosina ndi iwe Mateyu mukuikumbukira. Madeya amene tinkathira pa thanthwe anasanduka chakudya cha anthu, ndipo bwana yemwe analamula kuti kudyetsa anyani kulekeke. Alendo analeka kubwera. Amayi ankalowa mkati mwa mzere kukakumba mpama ndi mizu ina, ine ndinkayang'ana kumbali. Lipoti la zimenezo sindinalembe. Amuna ambiri anachoka kukafuna chakudya ndi ntchito kutali, ena sanabwerenso. Mlongo wanu Agnesi anali ndi zaka ziwiri. Tinamuika mwezi wa Disembala, chimanga chatsopano chitangomera. Anyani anaonda ngati ife. Nthawi zina ndinkawapeza atakhala pa thanthwe lopanda kanthu, akuyang'ana chitseko cha khitchini. Chaka chonsecho chitini sichinalire paliponse, kumtunda kapena kumunsi, chifukwa kunalibe chodyetsa ndipo kunalibe cholondera.

Malichi 1950

Mvula inabwera bwino. Mbewu inali yochepa, anthu anabzala mochedwa, koma chimanga chinabereka, ndipo mudzi wonse unkachiyang'ana ngati mwana wodwala amene wayamba kudya. Panalibe nkhokwe ya chaka chatha, panalibe mbuzi yogulitsa. Chimene chinali m'munda ndicho chinali chonse.

Masiku amenewo ndinkagona kumtunda, tikukonza denga la nyumba ya alendo, chifukwa bwana anati alendo ayambiranso pa Pasaka. M'mawa wina amayi anu anakwera phiri. Sanandipatse moni. Anati, "Bambo a Rosina, amayi akuti mutsike." Ndinati ndili pa ntchito. Anati, "Akuti mutsike ndi chisoti chanucho." Ndinatsika. Kumunda ndinapeza amayi a m'mudzi ataima m'mbali, chete. Apongozi anali pa nsanja, atandifulatira monga mwa masiku onse. Anati, "Sesiliya, uwauze amuna ako aime pomwepo, aone." Ananyamula chitini chawo chopindika pakona n'kuchimenya.

Ndinamva miyala ikugubuduka kumtunda. Anyani anatsika akuthamanga, anadumpha mzere, n'kudzakhala pansi pa nsanja mondondozana, monga ndinawaphunzitsira. Anadikira. Ataona kuti palibe chikugwa, anatembenuka n'kulowa m'chimanga. Amayi anakuwa, ana anaponya zibuma, koma nyani saopa mkazi kapena mwana. Ankathyola chisononkho, kuluma kamodzi, kutaya, kuthyola china. Ndinathamangira komweko ndi chikwanje ndikukalipa. Pamenepo Sajeni anandiona. Anasiya chimanga, anabwera pang'onopang'ono, anakhala pamapazi panga pamaso pa mudzi wonse, n'kutambasula dzanja.

Apongozi anatsika pa nsanja. Anatembenuka n'kundiyang'ana kumaso, koyamba m'zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sindinkadziwa kuti anaonda chotero. Analankhula kwa ine mwini, osadzera kwa mwana wawo. "Bambo, awa ndi alendo anu. Tiwaphikire chiyani?" Ndinavula chisoti.

Inali sabata yachiwiri zikuchitika. Minda iwiri inali itatheratu, ya akazi amasiye. Amayi akamenya kwambiri, anyani ankabwera ambiri, ndipo palibe amene ankamvetsa, mpaka apongozi anakumbukira zimene anaona Lamulungu lina akugulitsa mazira kumtunda. Alubano anandidikira panjira ndi galu wake. Tsiku limenelo sananditche Boma. "Alamu, tatsala amuna asanu ndi atatu m'mudzi muno. Tilowa ndi mauta ndi agalu, titsirize gulu lonse. Zikakanika, udzu ukauma tiyatsa phiri lonse, lipse ndi nyumba yanu ya madona. Mukafuna kutimanga, yambani ndi ine, chingwe mwabwera nacho?" Ndinati, "Mukayatsa phiri mudzamwa chiyani?" Anati, "Womwalira samwa madzi." Ndinamupempha masiku. Anandipatsa sabata.

Ndinapita ku ofesi wapansi. Bwana Kaliwo anamvetsera mpaka kumapeto, anagwira mutu, n'kutukwana m'Chingerezi. Kenaka anati nkhaniyi ndi yosavuta: anthu aleke kumenya zitini, aziponya miyala ndi kukuwa. Ndinati amuna kulibe. Anati Lolemba la Pasaka kubwera akuluakulu, ena ochokera ku Zomba, ndipo akudzera anyani omwewo, chifukwa mbiri yawo inafika kutali. Anati pepala la odula mitengo lili pa tebulo la mmodzi wa iwo. "Masabata atatu okha, Damiyano. Ndatumiza kale matumba awiri a madeya. Yambanso kuwadyetsa, akhuta, asiya minda. Pasaka ikapita tidzaona." Ndinati, "Bwana, madeya matumba awiri kwa anyani, pamudzi pomwe ndinaika mwana?" Anayang'ana pansi. Anati, "Ndikudziwa. Koma lamulo langa ndi limenelo. Nyani asaphedwe, munthu asalowe ndi galu."

Ndinayesa njira yake, kuti pasadzakhale wonena kuti sindinayese. Ndinayenda munda ndi munda kuuza amayi kuti abise zitini. Ndinathira madeya pa thanthwe. Anyani anadya madeyawo m'mawa, masana n'kutsikira ku chimanga, chifukwa anali atalawa chokoma ndipo mantha anali atatha. Midzi yoyandikana inapitiriza kumenya zitini zawo, ndipo gulu linkangoyendera kumene kwalira, n'kudzera m'minda ya kwa Mwanyali popita ndi pobwera. Munda wachitatu unatha. Theka la munda wa apongozi linagona pansi.

Lamulungu ndinapita ku Misa, koma ulaliki sindinaumve. Ndinkaganiza chinthu chimodzi. Chimene ndinaphunzitsa ndi ine, ndiye wochichotsa ndi ine. Nyani anaphunzira kuti chitini ndi chakudya. Ayenera kuphunziranso kuti chitini ndi ululu, ndipo aphunzire pa thanthwe lomwelo, kwa munthu yemweyo. Ndikatero, pa Pasaka sipadzakhala choonetsa, ndipo mwina pepala lija lidzasainidwa. Ndikapanda kutero, mudzi ulowa njala yachiwiri, ndipo phiri lipsa ndithu mu Okutobala. Potuluka m'tchalitchi ndinamuitana Alubano pambali. Ndinati, "Mawa mubwere nonse ku thanthwe. Agalu pa zingwe. Miyala, malegeni ndi zikoti. Uta, mkondo kapena machesi ndikaziona, ndikumangani nonse." Anati, "Boma likuphwanya lamulo la boma?" Ndinati, "Bwerani m'mawa."

Madeya otsala ndinawagawa. Thumba limodzi ndinatumiza kwa amasiye aja. Lina ndinasakaniza ndi tsabola wa kambuzi amene amayi anu anasinja mpaka maso kutupa. Amuna anabisala m'miyala. Ndinamenya chitini katatu. Anyani anatsika, anakhala, anayamba kudya, anayamba kuyetsemula ndi kudzikanda kukamwa. Ndinamenyanso chitini, mwamphamvu, osalekeza, ndipo amuna anatuluka ndi miyala ndi agalu. Linali phokoso loti sindinalimvepo. Mabomba anadula chingwe, anathamangira pakati pa gulu, Sajeni n'kumung'amba pamimba kamodzi kokha. Galuyo anafera m'manja mwa Alubano. Munthu amene anabwerako kunkhondo osalira analira pa thanthwe paja.

Tinachita choncho masiku anayi, m'mawa ndi masana. Tsiku lachiwiri anabwera theka. Tsiku lachitatu akazi ndi ana anatsalira m'miyala akukuwa. Koma Sajeni ankabwerabe. Miyala inkamugunda, iye ankathawa pang'ono, chitini chikalira n'kubweranso, kulunjika kwa ine. Ndipo iye akatsika, mphongo zina zinkamutsata, kenaka gulu lonse. Madzulo a tsiku lachinayi anatsogolera gulu ku munda wachinayi. Alubano anati, "Alamu, enawa amva. Uyu sakumva chitini, akumva inu." Ndinadziwa kuti akunena zoona.

Ine monga kapitawo ndinkasunga mfuti imodzi ya boma, ya nguluwe ndi kambuku wolusa. Tsiku lachisanu ndinauza amuna kuti asabwere. Ndinapita ndekha dzuwa litatuluka. Sindinatenge madeya, sindinatenge nthochi. Ndinamenya chitini katatu. Gulu linaima pamwamba pa miyala, likuyang'ana. Sajeni anatsika yekha, akutsimphina mwendo umene unagundidwa ndi mwala. Anakhala pamapazi panga. Anatambasula dzanja. Ndinabwerera m'mbuyo mapazi atatu, chifukwa sindikanatha kumuombera pafupi chotero, ndipo iye anadikira. Chipolopolo chinali chimodzi. Nditatero ndinanyamula chitini n'kuchimenya mpaka dzanja kutuluka magazi, kuti onse a pamwamba aja amve ziwirizo pamodzi. Anabalalika. Ndinamukwirira ndekha kuseri kwa thanthwe, ndipo mchira, umene tinkadula ngati umboni tikapha nyama, sindinadule. Masana omwewo ndinalemba lipoti la zonse, la agalu, la madeya ndi la mfuti, n'kulisunga m'thumba.

Mawa lake ndinatsikira kumunda. Amayi anu anakwera pa nsanja. Anyani angapo anaonekera m'mphepete mwa mzere, ndipo amayi onse anandiyang'ana. Ndinati, "Menyani." Anamenya. Anyani anatembenuka n'kuthawa osacheuka. Munda winawo unalandira, wina n'kulandiranso, mpaka mbali yonse ya phiri inalira ngati kale. Mayi wina anayamba nthungululu. Ine ndinakhala pansi pa mzere wa chimanga, ndipo ndinapuma ngati munthu amene watula mtolo umene anausenza kuchokera kutali.

Lolemba la Pasaka 1950

Anabwera magalimoto asanu ndi awiri. Atatha kudya, anaika mipando moyang'ana thanthwe, makina ojambulira ali m'manja. Bwana anandikodola. Ndinapita n'kumupatsa lipoti. Anawerenga ataima, kaliwo ali m'dzanja. Anati, "Unandiuza liti?" Ndinati, "Ndikukuuzani tsopano, bwana. Ndikanakuuzani kale mukanandiletsa." Anati, "Menya chitini." Ndinamenya katatu. Kutali pamwamba nyani mmodzi anakuwa, ndipo tinaona timadontho takuda tikukwera miyala, kuthawa. Thanthwe linakhala lopanda kanthu. Dona wina anaseka. Mwana wa mzungu anayamba kulira.

Mzungu wina wamkulu wa imvi, amene ankamva Chinyanja, anafunsa chimene chachitika. Bwana anati ndifotokoze ndekha. Ndinafotokoza mwachidule, osadzichepetsa, osadzikweza. Ndinamaliza ndi kunena kuti amene akufuna kuona nyama andilondole wapansi, koma asiye kulankhula. Anandilondola anthu asanu ndi mmodzi. Tinakwera mpaka pa kasupe uja anandionetsa kapitawo wakale, tinakhala chete nthawi yaitali, ndipo mbawala yaikazi inabwera ndi mwana wake kudzamwa. Anyani anawaona ndi magalasi oonera kutali, ali pa miyala yawo. Ndinamuonetsa mkuluyo kumene madziwo amatsikira, mudzi ndi mudzi. Za pepala la odula mitengo sindinamvenso. Kaya ndi ulendo umenewo, kaya ndi zifukwa zawo zina, sindikudziwa, ndipo sindinama kuti ndinapulumutsa phiri ndine. Chimene ndikudziwa n'chakuti mitengo ilipo mpaka lero.

Potsika tinapeza amayi a kwa Mwanyali m'mbali mwa mseu akuotcha chimanga chachiwisi, chobzala mochedwa chija. Alendo anaimika magalimoto. Ndinaona mzungu wa imvi uja akudya chimanga cha m'munda wa apongozi, akupsa nacho zala. Apongozi atandiona anatembenuka n'kundifulatira, monga mwa mwambo. Pamenepo ndinadziwa kuti nkhani yatha, ndabwerera pamalo panga.

Bwana sanandichotse ntchito. Anandiitana ku ofesi, anadula yekha mzere wa pamkono ndi lumo, n'kunena kuti, "Unachita bwino kwa anthu ako, unachita zoipa kwa ine. Ziwiri zonsezi ndilemba." Ananditumiza ku nkhalango yaing'ono cha ku Mbulumbuzi ngati mlonda wamba, ndipo ndinakhalako zaka zinayi, kubwera kunyumba kamodzi pa mwezi. Asanachoke m'dziko muno anaika lamulo lakuti mlendo asapatse nyama chakudya pa phiri lija. Alendo anachepa kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, amayi anadandaula kuti mazira akuwolera m'manja, kenaka anayamba kubwera ena, okonda kuyenda wapansi. Alubano anakhala mmodzi wa owatsogolera, ndipo akuti ankawauza kuti nyani uja anapha ndi iye. Sindinamutsutse. Ine ndi amene ndinali ndi ngongole ya galu kwa iye. Komanso mtima wake unafuna chotonthoza.

1958

Ndapuma ntchito chaka chino. Mwezi wa Malichi ndimakhala pakhonde n'kumamva zitini zikulira m'malire, ndipo mtima umakhala pansi. Mu Meyi wa 1950 chimanga chinalowa m'nkhokwe. Sichinali chambiri, koma chinatifikitsa ku nandolo, nandolo n'kutifikitsa ku mvula. Amasiye aja mudzi unawasonkhera madengu. Phiri silinapse.

Tsono zimene zinatayika chifukwa cha chitini changa ndi izi. Minda itatu yathunthu, ndi matheka a minda iwiri. Galu mmodzi. Chipolopolo chimodzi. Mzere umodzi wa pamkono. Zaka zinayi zimene iwe Filipo unakula osandizolowera. Nyani mmodzi, amene anandikhulupirira mpaka mapeto. Munthu, chaka chimenecho, kwa Mwanyali sitinataye ngakhale mmodzi.